Kuthamanga Sikufika

Amene anatisiyira mwambi wakuti kuthamanga sikufika sanali anthu oopa liwiro. Anali alenje othamangitsa gwape m'dambo mpaka galu kutulutsa lilime. Anali amithenga odutsa mapiri usiku kukauza mudzi wina za maliro kapena za nkhondo. Anali amayi odziwa kuti moto ukagwira denga la nkhokwe palibe zoti dikirani ndimalize kusinja. Liwiro ankalidziwa ndipo ankalilemekeza. Chimene anakana n'chakuti miyendo ikamautsa fumbi ndiye kuti ulendo watheka. Anaona kuti kuthamanga n'kwina, kufika n'kwinanso, ndipo pakati pa ziwirizi pagona funso limene munthu wa phuma sakonda kudzifunsa: kodi pamene phazi langa laponda palimba?

Nzeru yomweyi inabisala pamalo pamene ambiri sitingaganizire, m'kaliwu ka Chingerezi ka zilembo zinayi kamene mwana aliyense wa sukulu amakaloweza msanga: "fast". Aphunzitsi akakalemba pabolodi amati tanthauzo lake ndi liwiro, changu, kufulumira. Mwana amakhutira, ndipo kwa zaka zingapo liwulo silimuvutitsa. Koma tsiku lina akuwerenga amakumana ndi khanda limene akuti lili "fast asleep", chonsecho khandalo lagona tulo tofa nato, osagwedeza ngakhale chala. Patsogolo apeza bwato limene alimanga "fast" padoko, ndipo bwatolo silikupita kulikonse. Apeza anthu awiri otchedwa "fast friends", amene ubwenzi wawo si wa dzulodzuloli, ndi a ponda apa nane m'pondepo kuyambira ali ana. Pakansalu kosokerera kukhosi kwa malaya awerenga "colourfast", kunena kuti utoto wake susuluka. Kutchalitchi kapena kumzikiti amva kuti kusala kudya nakonso ndi "fast". Liwu ndi limodzi, koma uku likuthamanga, uku laima nganganga, uku lakana nsima.

Kuti mlanduwu uweruzidwe bwino tiyenera kufunsa kumene liwuli linachokera. Zaka zoposa 1,000 zapitazo, m'masiku a Mfumu Alfred ya ku Wessex imene inamwalira mu 899, Angerezi ankalilemba kuti "fæst", ndipo za liwiro munalibemo. Linkanena chinthu cholimba, chokhazikika, chomangika bwino, choti ungachikankhe koma osasuntha. Dzina la linga lothawiramo pa nkhondo linkachokera pa liwu lomweli. Ziyankhulo zapachibale ndi Chingerezi zikusungabe tanthauzo limeneli mpaka lero. Ajeremani amati "fest", Adatchi amati "vast", ndipo ku Norway ndi ku Sweden munthu amene wasiya maganyu n'kupeza ntchito yokhazikika amati ntchito yakeyo ndi "fast". M'Chingerezi cha lero nacho mapazi ake akuonekabe. Chizindikiro cha m'ndege chokuuza kuti umange lamba chimati "fasten", ndipo munthu wosagwedezeka pa chikhulupiriro kapena pa lonjezo amamutcha "steadfast". Tikati matanthauzo onsewa ndi ana a bere limodzi, kulimba ndiye mwana wachisamba, kusala kudya ndiye wopondana naye, ndipo liwiro ndi mzime amene wakula n'kutchuka mpaka mudzi wonse kuiwala kuti ali ndi akulu ake.

Nanga mzimeyu anabadwa bwanji m'nyumba ya zinthu zosasuntha? Ife oyankhula Chichewa njira yake tikuidziwa, pakuti nafenso tinadzera momwemo. Timati gwira zolimba, koma timatinso akulima zolimba, anamudzudzula zolimba, mnyamata uja anathamanga zolimba. Munthu wosatopa pa ntchito timati ndi wolimbika. Angerezi nawo poyamba ankagwira "fast", kenako n'kumamenya nkhondo "fast", kunena kuti mwamphamvu ndi mosalekeza, ndipo wolondola mdani wake "fast" anali amene wamukakamira kumbuyo osamulola kupuma. Kuchoka apo kukafika pa liwiro ndi phazi limodzi lokha. Cha m'ma 1200 liwuli linali litayamba kale kunena za kuyenda mofulumira. Akatswiri a ziyankhulo amaganiza kuti anthu a ku Scandinavia, amene anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England kuyambira m'zaka za m'ma 800, anathandizira kusinthaku, popeza m'chiyankhulo chawo liwuli linkagwira kale ntchito yotere. Choncho wothamanga woyamba kutchedwa "fast" anamutama chifukwa cha khama lake, chifukwa chokakamira, kupepuka kwa miyendo kunabwera pambuyo. Ajeremani liwu lomweli analitengera kwina. Kwa iwo "fast" ndi pafupifupi, kutsala pang'ono, kufika pakhomo koma osalowa. Makolo amene anapeka mwambi wathu uja akanamva zimenezi akanavomera ndi mutu.

Anthu amene ankadziwa bwino ubale wa kulimba ndi liwiro anali amalinyero a m'zombo zoyendera matanga. Chombo chotchedwa Cutty Sark, chimene anachipanga ku Dumbarton m'dziko la Scotland mu 1869 ndipo lero chikusungidwa ku Greenwich mumzinda wa London, chinkanyamula tiyi kuchokera ku China, kenako ubweya wa nkhosa kuchokera ku Australia, ndipo pa maulendo a ubweyawo zombo zinzake zinkangochionera kumsana. Injini chinalibe. Liwiro lake lonse linali m'matanga, ndipo thanga limakoka chombo pokhapokha chingwe chake chitakungika n'kumangidwa zolimba. Chingwe chikakhwefuka, thanga limangokupiza mphepo, chombo n'kumangoyandama pakati pa nyanja. N'chifukwa chake lamulo lomveka kawirikawiri m'chombo linali lakuti "make fast", mangani zolimba. Tamuonani mnyamata amene watumidwa kukwera mlongoti usiku, namondwe ali m'kati. Zingwe zanyowa, zala zachita dzanzi ndi kuzizira, chombo chikupendekera uku ndi uku, pansi pake pali mdima ndi thovu lokhalokha. Amalinyero ena ankatema mphini pa zala zawo, chilembo chimodzi pa chala chilichonse, zinayi dzanja ili, zinayi dzanja linalo: HOLD FAST. Akakunga zibakera pa chingwe, mawuwo ankawayang'ana kumaso n'kuwauza kuti gwiritsa. Chombo chaliwiro koposa chinkayendetsedwa ndi anthu amene ntchito yawo yaikulu inali kusataya.

Pamtunda nkhani ndi yomweyo. Pa 16 Ogasiti 2009 mumzinda wa Berlin, Usain Bolt wa ku Jamaica anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58. Maso a anthu amakhala pa miyendo yake italiitali, koma mpikisano usanayambe pamachitika kanthu kamene ambiri sakalabadira. Wothamanga aliyense amagwada n'kukonza zitsulo zopondapo poyambira, zimene zili ndi timisomali tolowa m'bwalo. Amazipondaponda kuti aone ngati zagwira, chifukwa mphamvu yonse yomuponyera kutsogolo imachokera pa kukankha chinthu chimene sichikusuntha. Aliyense amene anathamangapo m'mbali mwa nyanja akudziwa chifukwa chake akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi: phazi likakankha, mchenga umathawa, mphamvu n'kutayikira pansi. Akakonza zitsulo zija, wothamanga amayenera kukhala duu, thupi lonse litakungika, kudikira mfuti. Pa 28 Ogasiti 2011 ku Daegu m'dziko la South Korea, Bolt yemweyo analephera kudikirako. Anadzambatuka mfuti isanalire, ndipo malinga ndi lamulo limene linayamba mu 2010, kulakwitsa kamodzi kokha kunali kokwanira kumutulutsa. Anavula malaya n'kuchoka pamzere, mendulo yagolide n'kupita kwa mnzake Yohan Blake. Munthu waliwiro kuposa onse padziko lapansi anagonja mpikisano usanayambe. Mfulumira adadya gaga. Mwambiwu sukunena za waulesi. Ukunena za munthu amene mphamvu ali nazo, njala ali nayo, koma walephera kudikira kuti chimanga chikonoledwe, chipetedwe, chiviikidwe, chisinjidwe n'kusefedwa.

Wopondana ndi kulimba uja, kusala kudya, ndiye amadabwitsa ophunzira kwambiri, koma magazi ake ndi omwewo. Poyamba mneni wake ankatanthauza kusunga kapena kugwiritsa lamulo, ndipo lamulo limene Akhristu akale ankalisunga mooneka ndi maso linali la masiku osadya. Wosala ndi munthu amene wadzigwira. Chakudya chili apo, fungo la ndiwo likumupeza, dzanja likufuna kutambasuka, iye n'kuliletsa, podziwa kuti wosunga khosi mkanda woyera adzavala. Msilamu m'mwezi wa Ramadan kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, Mkhristu m'masiku 40 a Lenti, Myuda pa tsiku la Yom Kippur, wodwala amene adokotala amuuza kuti abwere m'mawa asanalawe kanthu kuti amuyeze shuga, onsewa Chingerezi chimawaika pansi pa liwu limodzi ndi Usain Bolt. Kadzutsa amamutcha "breakfast", kudula kusala kwa usiku. Anansi athu oyankhula Chiswahili anaona chimodzimodzi, pakuti kwa iwo kusala ndi "kufunga", kumanga kapena kutseka. Ndipo kudzigwira kotere kumatha kusuntha zimene liwiro lalephera. Mu Januwale 1948, mzinda wa Delhi uli pa ziwawa zoopsa dziko la India litagawidwa n'kubadwa Pakistan, Mahatma Gandhi, mkulu wa zaka 78, anakana kudya. Anayamba pa 13, ndipo pofika pa 18 atsogoleri a Ahindu, Asilamu ndi Asikh anabwera kudzalonjeza pamaso pake kuti asunga mtendere. Apolisi ndi asilikali ankathamangira uku ndi uku kuzimitsa chipolowe, koma amene anafewetsa mitima anali munthu wofooka thupi amene sanachoke pamalo pake.

Tanthauzo lakale lija limagwirabe ntchito tsiku ndi tsiku m'chipinda chimene ambiri timangochionera pawindo popereka kabotolo ka makhololo. Pa 24 Malichi 1882 ku Berlin, Robert Koch analengeza kuti wapeza kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu. M'chaka chomwecho Paul Ehrlich anazindikira khalidwe lake lachilendo, limene Franz Ziehl ndi Friedrich Neelsen analisandutsa njira yoyezera imene ikudziwika ndi mayina awo mpaka lero. Woyeza amapaka makhololo pakagalasi n'kuwaumitsa. Amathirapo utoto wofiira, n'kutenthetsa kunsi kwake ndi kamoto mpaka kanthunzi kayambe kutuluka. Kenako amatsuka ndi asidi. Asidiyo amachotsa kufiira pa chilichonse chimene chili pagalasipo, kupatula kachilomboka ndi abale ake ochepa monga ka khate, chifukwa khungu lake ndi lamafuta okhuthala, ndipo likamwa utoto silibweza. Akathiranso utoto wabuluu n'kusuzumira pa makina oonera tizilombo, amaona timizere tofiira, topindika pang'ono, titagona pa bwalo labuluu. Tizilombo totere dzina lake ndi "acid-fast", togwiritsa utoto ngakhale pa asidi.

Komatu kachilombo kotchedwa "fast" kameneka ndi kamodzi mwa tochedwa kwambiri. Tizilombo tina ta m'matumbo timatha kugawikana pa mphindi 20 zilizonse, pamene aka kamatenga maola 15 mpaka 20. Mphamvu yake ili m'kukakamira, ndipo kamagonja kwa wodwala amene wakakamira kuposa iko. Mankhwala ake ndi a miyezi 6. Pakangotha masabata ochepa chifuwa chimaleka, thukuta la usiku limatha, thupi limabwerera, ndipo mtima umayamba kunong'oneza kuti wachira, siya. Womvera mawu amenewo amasiya tizilombo tolimba kwambiri tili moyo, ndipo matenda akabweranso amatha kubwera osamva mankhwala. Masiku ano makina a GeneXpert amapereka zotsatira m'maola awiri, ndipo changu chimenecho n'chamtengo wapatali. Koma palibe makina amene angamumwere munthu mapiritsi a mwezi wachisanu. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, kamodzikamodzi, tsiku ndi tsiku.

Mavuto anayamba pamene mzime analanda nyumba. Mu 1948 ku San Bernardino m'chigawo cha California, abale awiri, Richard ndi Maurice McDonald, anakonzanso khitchini yawo kuti wantchito aliyense azichita kanthu kamodzi kokha mobwerezabwereza, chakudya chizituluka pawindo wogula asanamalize kuwerenga ndalama. Chakudya chotere chinatchuka ndi dzina lakuti "fast food", ndipo nzeru yake inafalikira ku malonda ena. Lero kulinso "fast fashion", zovala zotchipa zosokedwa mwa changu pamalo kuti fashoni imene yaoneka mwezi uno ikhale m'sitolo mwezi wamawa, ivalidwe kangapo n'kutayidwa. Zina mwa izo timakumana nazo pa kaunjika, msoko utayamba kale kumasuka. Mtengo weniweni wa changu chimenechi unaoneka pa 24 Epulo 2013 ku Savar, kufupi ndi Dhaka m'dziko la Bangladesh. Nyumba ya nsanjika 8 yotchedwa Rana Plaza inali itaonetsa ming'alu dzulo lake. Banki ndi masitolo a pansi anatseka. Osoka zovala a m'nsanjika za pamwamba anauzidwa kuti abwerere pa makina awo, pakuti maoda sadikira. M'mawa umenewo nyumbayo inagwa, ndipo anthu 1,134 anafa, ambiri a iwo amayi ndi atsikana. Malaya amodzi akhoza kunyamula matanthauzo onse awiri a liwuli: kansalu ka kukhosi kakulonjeza utoto wogwira, chonsecho anasokedwa m'nyumba ya zipupa zosagwira, ndi manja amene sanaloledwe kupuma. Apa m'pamene mwambi umaleka kukhala chokometsera nkhani. Katundu anathamanga, koma anthu 1,134 sanafike kwawo madzulo a tsikulo.

Ena ngoziyi anaionera patali. Mu 1986, pamene kampani ya "fast food" ya McDonald's inkatsegula malo ake pafupi ndi Piazza di Spagna mumzinda wa Rome, Carlo Petrini ndi anzake anayambitsa gulu limene mu 1989 ku Paris linakhazikitsidwa kukhala la padziko lonse ndi dzina lakuti Slow Food. Cholinga chake ndi kuteteza zakudya za makolo, alimi ang'onoang'ono ndi mwambo wodyera pamodzi mosathamanga. Chizindikiro chimene anasankha ndi nkhono, yomwe ija ife timaphunzitsira ana kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukaigogoda imabwerera m'chigoba, ukakhala phee imatulutsa tinyanga take. Kukoma kwa chakudya, zakukhosi kwa mwana, maganizo a mnzako wa m'banja, zonsezi zimatulukira wodekha yekha.

Chingerezi chenichenicho sichinamukhulupirire kwathunthu mzime wakeyu. Wotchi imene amaitcha "fast" ndi wotchi yonama, yotsogola nthawi. Munthu akakupusitsa amati wakuchita "a fast one". Ndalama yopeza mwachidule, posasamala kuti yachokera kuti, ndi "a fast buck". Wosewera ndi choonadi amati akuchita "fast and loose", mawu ochokera ku juga ya m'misika ya ku England m'zaka za m'ma 1500. Wachinyengo ankapinda lamba kangapo, n'kukuuza kuti ubaye kamtengo pakati pa mapindidwewo kuti lambayo akodwe. Iwe uli wotsimikiza kuti wagwira, iye n'kukoka nsonga, lamba n'kuchoka wopanda chomukola, ndalama yako yapita. Juga imeneyi sinafe. Lero imabwera pafoni, ndi uthenga wakuti tumizani ndalama msangamsanga mwayi usanathe, kapena wakuti ikani zanu lero zibereke kawiri pofika Lachisanu. Chida chachikulu cha wakuba wotere ndi kukufulumizitsa. Akudziwa kuti ukagona nazo usiku umodzi, kapena ukafunsa mkulu wako, uzindikira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ngakhale amene analumbirira liwiro anabwerera okha. Kampani ya Facebook kwa zaka zambiri inkauza antchito ake kuti fulumirani, zosweka zisweke. Mu 2014 mkulu wake Mark Zuckerberg anasintha mawuwo n'kunena kuti fulumirani, koma pa maziko okhazikika, popeza nthawi yokonza zoswekazo inayamba kudya liwiro lomwe ankalifunalo. Anatulukira chimene Augustus, mfumu ya Aroma, ankakonda kunena zaka 2,000 zapitazo, kuti fulumira modekha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, Aldus Manutius, wosindikiza mabuku wa ku Venice, anatenga mawu amenewa n'kuwaika m'chithunzi pa mabuku ake: nangula atazengedwa ndi dolphin, nyama ya m'nyanja yodziwika ndi liwiro. Chitsulo chogwira pansi ndi chamoyo chothamanga anaziika pamodzi. Aldus ankatulutsa mabuku ochuluka, ena ang'onoang'ono otheka kuyenda nawo m'manja, koma ankayamba wakhala pansi ndi akatswiri kufananitsa zolembedwa zakale liwu ndi liwu asanalole makina kugunda. Patha zaka 500, ndipo mabuku ake akusungidwabe ngati chuma m'nyumba zikuluzikulu za mabuku.

Pamsewu phunziroli limalembedwa ndi magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndizo zikutsogola pakupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Masamu ake ndi osavuta. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Pa makilomita 120 imadutsa mamita 33, dalaivala asanaponde n'komwe buleki. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene buleki imafuna kuti galimoto iime umawirikiza kanayi. Chimene chimaimitsa minibasi yodzaza anthu ndi malo anayi aang'ono pamene matayala akhudza phula, aliwonse kukula kwake kosasiyana kwambiri ndi chikhatho. Tayala likatha, phula likanyowa, malo anayiwo amataya, ndipo injini yamphamvu imasanduka mdani wa onse okweramo. Dalaivala amene akulimbirana ndi mnzake anthu a pa siteji yakutsogolo, ndi ife okwera amene timamukuwiza kuti tachedwa, tonse tiyenera kukumbuka kuti amene akutidikira kunyumba sadzafunsa kuti mwayenda mphindi zingati. Akufuna kutiona tikulowa pakhomo ndi miyendo yathu.

Koma pasakhale wina woganiza kuti kuchedwa ndiko nzeru. Akuluakulu omwe aja anatinso zengerezu adalinda kwawukwawu. Ilipo nthawi imene mphindi iliyonse ndi moyo, ndipo liwuli linapatsidwa ntchito inanso yoyenera nthawi yotero. Mu 1998 madokotala ndi ogwira ntchito m'maambulansi ku Britain anatenga zilembo zake zinayi kuti zizikumbutsa anthu zizindikiro za sitiroko, matenda amene ambiri timawadziwa ndi kufa kwa ziwalo. F akuimira "face", nkhope: kodi mbali imodzi yagwa, pakamwa papotoka? A akuimira "arms", mikono: muuzeni akweze yonse iwiri, kodi umodzi ukutsika wokha? S akuimira "speech", mayankhulidwe: kodi lilime likulemera, mawu akusokonekera? T akuimira "time", nthawi. Mtsempha wa mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, mbali imene yasowa magazi imayamba kufa nthawi yomweyo, ndipo ngati mtsemphawo watsekeka, mankhwala osungunula magazi oundana, kumene alipo, amayenera kuperekedwa maola anayi ndi theka asanathe. Apa palibe zodikira kuti kuche. Palibe zoyamba mwaitana achibale akutali kuti mugwirizane. Palibe zomumwetsa phala kapena madzi munthu amene mwina sangathe kumeza. Onani nthawi imene zayambira, pezani galimoto, thamangani liwiro la mtondo wadooka. N'chimodzimodzi mayi woyembekezera akayamba kutaya magazi, mwana akakomoka ndi malungo, munthu akalumidwa ndi njoka. Komatu taonani amene amachita changu pa nthawi ngati imeneyi. Kawirikawiri ndi uja anasunga zizindikirozo pamtima kale, uja nambala ya mwini galimoto ali nayo, uja mtima wake sunabalalike pamene ena onse akulira ndi kuzungulirazungulira pabwalo. Changu chopulumutsa moyo chimachokera kwa munthu wokhazikika.

Choncho inu amene mukuphunzira Chingerezi, kapena mukuphunzitsa ana anu, liwuli musalipereke ndi tanthauzo limodzi lokha. Auzeni kuti lisanakhale la magalimoto ndi intaneti linali la mfundo yomangika, la lonjezo losungidwa, la ubwenzi wosatha ndi la munthu wodziletsa. Ndipo inu amene dziko likukuuzani m'mawa ndi madzulo kuti mwatsalira, anzanu amanga kale, akwatira kale, agula kale, musalole kuti mantha akusankhireni liwiro. Dzifunseni kaye chimene mwagwira. Ngati ndi luso, liphunzireni mpaka manja alidziwe okha. Ngati ndi mankhwala, amalizeni. Ngati ndi maziko a nyumba, alekeni akhwime musanaikepo njerwa. Ngati ndi chiwongolero, kumbukirani miyoyo imene mwanyamula. Mukatero, tsiku limene changu chidzafunike mudzathamanga kuposa onse amene akhala akujijirika chaka chonse, ndipo mudzathamangira koyenera.